Odwala Amene Makina Amawapumira: Nchito ya Usana ndi Usiku

Munthu wamkulu wathanzi amapuma nthawi 12 kufikira 20 pa mphindi imodzi. Tikawerengera tsiku lathunthu, ndiye kuti amapuma pafupi-fupi nthawi 20,000, ndipo sacita kuganizirako ngakhale kamodzi. Amapuma ali m'tulo, amapuma akulima, amapuma akukangana ndi mnzake. Koma m'zipatala zikulu-zikulu, ndiponso m'nyumba zina m'maiko akutali, muli anthu amene mpweya uliwonse wolowa m'mapapo mwao umacita kukankhidwa ndi makina.

Ambiri a ife tinayamba kumva za makina amenewa m'caka ca 2020, matenda a Covid-19 atalowa m'dziko lathu m'mwezi wa March. Mau akuti ventilator anali kumveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo anthu anali kufunsa kuti dziko liri nao angati. Funso linzake, lakuti tiri nao angati anthu odziwa kukhala pambali pa makinawo usiku wonse, silinamveke kwambiri.

Coyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Wodwala amene timati "ali pa okosijeni" amapuma yekha. Acipatala amangomuonjezera mpweya wabwino kudzera m'timapaipi ta m'mphuno. Koma amene ali pa makina opumira, mphamvu yake yokoka mpweya yatha kapena yacepa kwambiri, motero makina ndiwo amakankhira mpweya m'mapapo mwake pa muyeso umene dokotala waika. Makinawo saciritsa nthenda ai. Amangosunga munthu kuti asafe pamene thupi ndi mankhwala zikulimbana ndi nthendayo. Akazima popanda wothandiza, ubongo wa wodwala umayamba kuonongeka pakapita mphindi 4 kufikira 6.

Odwala ambiri amakhala pa makina masiku owerengeka cabe: amene acitidwa opareshoni yaikulu, amene adwala cibayo coopsa, amene amwa mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, kapena amene alumidwa ndi njoka ya mamba, imene ululu wake umafooketsa minofu yopumira. Wodwala kafumbata angakhalepo masabata angapo. Wodwala nthenda ya Guillain-Barré, imene imafooketsa thupi kuyambira kumiyendo kukwera kucifuwa, angakhalepo miyezi, ngakhale kuti ambiri amadzapumanso okha. Koma alipo ena amene sadzacokapo konse. Mitsempha yolamulira mnofu waukulu wopumira, umene uli pansi pa mapapo, imacokera m'khosi, pa fupa lacitatu, lacinai ndi lacisanu. Munthu akathyoka khosi pamwamba pa malo amenewa pa ngozi ya pa mseu, nzeru zake zimatsala zabwino-bwino, maso amaona, makutu amamva, koma cifuwa sicikweranso cokha. Madokotala ambiri amawerenga kuti wodwala wafika pa kudalira makina kwa nthawi yaitali akawagwiritsa nchito masiku 21 otsatizana, maola 6 kapena kuposa pa tsiku.

Zimene zinacitika ku Copenhagen

Makina oyamba ochuka anapangidwa m'caka ca 1928 ndi Philip Drinker ndi Louis Shaw ku Harvard, m'dziko la America. Cinali cimgolo cacitsulo cimene wodwala anali kugonamo thupi lonse, mutu wokha uli kunja. Mpweya wa m'cimgolomo ukacotsedwa cifuwa cinali kukwera, ukabwezedwa cinali kutsika. Cinali codula, colemera, ndipo kusambitsa munthu ali m'menemo inali nchito yovuta zedi.

Njira imene zipatala zimatsata lero inabadwa pa tsoka limene linagwa mumzinda wa Copenhagen ku Denmark m'caka ca 1952. M'miyezi ya July ndi August mliri wa poliyo unabuka, ndipo cipatala ca Blegdam cinali kulandira odwala okwana 50 pa tsiku, ambiri mwa iwo ana. Cipatalaco cinali ndi cimgolo cimodzi cokha ndi makina ena 6 ang'ono-ang'ono ovala pacifuwa. Mwa odwala 31 oyamba amene poliyo inawagwira minofu yopumira ndi yomezera, 27 anamwalira.

Mkulu wa cipatalaco, Dr. Henry Lassen, anaitana dokotala wogoneka anthu pa opareshoni, Dr. Bjørn Ibsen. Iyeyu atayang'ana odwala ndi zolembedwa za akufa, anati anawo sanali kufa cifukwa cakuti kacilombo kaononga ubongo, monga ena anali kuganizira, koma cifukwa cakuti mpweya woipa umene thupi limayenera kutulutsa unali kuunjikana m'magazi. Pa 27 August anayesa njira yake pa mtsikana wa zaka 12, Vivi Ebert, amene anali pafupi kutsirizika. Anamuboola pakhosi, nalowetsa kapaipi m'njira ya mpweya, nalumikiza thumba la mphira limene Dr. Ibsen anali kufinya ndi manja. Mtsikanayo anapulumuka.

Tsono vuto linali lakuti thumba silidzifinya lokha. Pamene mliri unafika pacimake, odwala okwana 70 anali kufuna kupumiridwa nthawi imodzi. Cipatala cinaitana ophunzira udokotala ndi ophunzira za mano, ndipo pafupi-fupi 1,500 anabwera. Anali kusinthana pa maola 6 kapena 8, aliyense atakhala pambali pa bedi, kufinya thumba, kulekerera, kufinyanso, usana ndi usiku, kwa miyezi. Maola onse amene anagwira anakwana pafupi-fupi 165,000. Anaphunzira kumva zofuna za ana osatha kulankhulawo poyang'ana maso ndi milomo yao, ndipo ena anali kuwawerengera mabuku dzanja lina liri pathumba. Imfa pakati pa odwala otere zinatsika kucoka pa oposa 80 mwa 100 alionse kufika pafupi-fupi 40, ndipo zinapitiriza kutsika. M'caka cotsatira, 1953, Dr. Ibsen anatsegula cipinda capadera ca odwala mwakayakaya, cimene ambiri amati ndico coyamba pa dziko lapansi. Vivi Ebert sanapumenso yekha mokwanira, koma anakhala ndi moyo kufikira 1971.

Awerengi asayese kuti poliyo ndi nkhani ya ku Ulaya ya makedzana. Ngakhale kuti mu August 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo ya mtundu wacilengedwe, m'caka ca 2022 nthendayi inapezekanso mwa mwana ku Lilongwe ndiponso m'cigawo ca Tete ku Mozambique, malo amene ali pafupi ndi cigawo cathu ca Kum'mawa. Madontho a katemera amene amai ena amazengereza kukalandiritsa ana anathandiza kutsekera nchito zimgolo zacitsulo zija.

Tsiku limodzi pambali pa bedi

Lero thumba lija linalowedwa m'malo ndi makina amagetsi oyeza mpweya mosaphonya. Koma nchito ya manja sinacepe, inangosintha.

Poyamba kapaipi kamalowetsedwa pakamwa. Kameneka kamasautsa, ndipo wodwala amafunika mankhwala ogonetsa kuti akapirire. Zikaoneka kuti adzakhalitsa, kawiri-kawiri pakapita sabata imodzi kapena awiri, madokotala amaboola kabowo kutsogolo kwa khosi ndi kuikapo kapaipi kafupi. Pamenepo kamwa limamasuka, mankhwala ogonetsa amacepetsedwa, ndipo munthu amatha kukhala maso.

Koma mpweya wolowera pakhosi sudutsa m'mphuno, ndipo mphuno ndiyo imafunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kusefa fumbi. Motero mpweya wa makina uyenera kunyowetsedwa. Zikapanda kutero, makhololo amauma ndi kutseka kapaipi monga phala louma litsekera kukamwa kwa botolo. Ndiponso wodwala wotere satha kutsokomola bwino. Makhololo amene ife timacotsa ndi cifuwa cimodzi, iye amacita kumukokera ndi kapaipi kena koonda kolumikizidwa ku makina oyamwa. Namwino amasamba m'manja, kuvala magolovesi, kulowetsa kapaipiko ndi kukatulutsa pasanathe masekondi 15, cifukwa pamene kakuyamwa makhololo kakuyamwanso mpweya wa wodwalayo. Ena amafunika kucitidwa zimenezi kangapo pa tsiku, ena kangapo pa ola limodzi. Amene anacitidwapo amati zimapweteka ndipo zimaopsa, ncifukwa cake namwino wabwino amayamba wamuuza wodwala asanamugwire.

Mdani wamkulu ndi cibayo. Kapaipi ndi khomo lotseguka lolowera m'mapapo, ndipo malovu okhala ndi tizilombo amatsikira m'menemo pang'ono-pang'ono. Zochinjiriza zake nzosadula konse: kukweza kumutu kwa bedi madigiri 30 kufikira 45, kutsuka mano ndi m'kamwa kangapo pa tsiku, ndi kusamba m'manja kwa aliyense wofika pabedi. Kunena zoona, mswaci wogwiritsidwa nchito mokhulupirika umateteza wodwala wa pa makina kuposa mankhwala ena odula amene acibale amathamangira kukagula.

Mdani waciwiri ndi zilonda za pabedi. Munthu wosatha kudzitembenuza, khungu la kumatako, kuzidendene ndi kunkhongo limafa cifukwa magazi safikako. Ayenera kutembenuzidwa pa maola 2 alionse, usiku womwe, ndipo sangatembenuzidwe ndi munthu mmodzi, pakuti wina ayenera kugwira kapaipi kuti kasazuke. Christopher Reeve, katswiri wa mafilimu wa ku America amene anathyoka khosi atagwa pa kavalo mu 1995 nakhala akudalira makina, anali ndi ndalama ndi anamwino omuyang'anira kunyumba. Komabe pamene anamwalira mu October 2004 anali kulandira mankhwala a cilonda ca mtundu umenewu cimene cinalowa tizilombo. Ngati cilonda cinapeza mpata pa munthu wotero, nanga pa wodwala amene namwino wake akuyang'aniranso ena atatu?

Pali zinanso zambiri: cakudya camadzi-madzi codutsa m'kapaipi ka m'mphuno kapena ka pamimba, kuongola ndi kupinda manja ndi miyendo kuti mfundo zisaume, kusamala cikhodzodzo ndi matumbo. Ndipo makina akalira, namwino amaphunzitsidwa kuyang'ana wodwala coyamba, makina pambuyo. Kodi cifuwa cikukwera? Kodi milomo yasintha mtundu? Kodi kapaipi kazuka, kapindika, kapena katsekeka?

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Sabata liri ndi maola 168. Namwino mmodzi amagwira pafupi-fupi maola 40. M'maiko monga Britain, lamulo la nchito yao ndi lakuti wodwala wa pa makina m'cipinda ca odwala mwakayakaya akhale ndi namwino wake-wake nthawi zonse. Ndiye kuti bedi imodzi imafuna anamwino oposa 4, ndipo tikaonjezapo chuthi ndi kudwala, 5 kapena 6. Makina angagulidwe ndi kufika pa ndege m'sabata imodzi, koma namwino wodziwa nchito imeneyi amatenga zaka kuti aphunzire. Pokamba za cuma ca zaumoyo, ndi bwino atsogoleri athu ndi abwenzi otipatsa mphatso aziwerenga zonse ziwiri pamodzi.

Munthu wopanda mau

Cimene odwala ambiri amadandaula naco akacira si ululu, koma kusowa mau. Kapaipi ka pakhosi kali pansi pa kholingo pamene mau amapangidwira, ndipo kamakhala ndi kathumba kofufuma kotseka njira, motero mpweya sufika kumwamba. Munthu amamva ludzu, kuyabwa, mantha, koma sangaitane. Katswiri wa sayansi Stephen Hawking anataya mau ake otsala mu 1985 atabooledwa pakhosi cifukwa ca cibayo, ndipo anayamba kulankhula posankha zilembo pa khadi mwa kukweza nsidze, asanapeze kompyuta yomulankhulira.

Njira zothandiza ziripo. Pepala lolembedwa zilembo kapena zithunzi, pangano lakuti kuphethira kamodzi ndi "inde" ndipo kawiri ndi "iai", ndi kuleza mtima powerenga milomo. Kwa amene alimbako, pali kacivundikiro koika pa kapaipi kamene kamalola mpweya kulowa koma kutulukira kukamwa, ndipo mau amabwerera. Kamodzi kodziwika kwambiri kanapangidwa ndi David Muir wa ku America, mnyamata amene iye mwini anali pa makina ndipo anatopa ndi kukhala cete. Kameneka kamaikidwa ndi wodziwa yekha, kathumba kaja kataphwetsedwa, cifukwa kupanda kutero mpweya umalowa osatuluka.

M'cipinda cimene nyali sizizima ndipo makina amalira usiku wonse, odwala ambiri amasokonezeka mutu, osadziwa tsiku kapena malo, ena kuona zinthu zoopsa zimene palibe. Apa mpamene acibale ali ndi nchito imene dokotala sangaigwire. Kumupatsa moni pomuchula dzina, kumuuza tsiku ndi ola, kumuuza kuti mvula yagwa kumudzi ndipo ana akupita kusukulu, zonsezi zimamubweza m'dziko la anthu. Ife tiri ndi mwambo wabwino wozonda odwala, koma tiri ndi cizolowezi cina coipa, coimirira mozungulira bedi ndi kukambirana za wodwala ngati kuti wapita kale. Munthu wogona wosayankha kawiri-kawiri amamva. Nkhani za ndalama, za katundu ndi za "tikonzekere" zikambidwe panja.

Kumuletsa makina

Colinga ca acipatala ndi cakuti aliyense amene angathe acoke pa makina msanga, cifukwa mnofu wopumira ukapumula umaonda mofulumira. Ofufuza a ku Philadelphia anaonetsa mu 2008 kuti kuonda kumeneku kumaoneka pasanathe masiku 3. Motero tsiku ndi tsiku amacepetsa mankhwala ogonetsa ndi kuyesa wodwala kuti apume yekha, mwina mphindi 30, mawa ola limodzi, mkuja maola 2, usiku nabwerera pa makina kuti apumule. Kuli ngati kuletsa mwana kuyamwa: mantha amakhalapo, ndipo masiku ena zinthu zimabwerera m'mbuyo. Acibale akaona wodwala wao akutuluka thukuta pa mpando namwino ali phee kumuyang'ana, asayese nkhanza.

Kodi angapite kunyumba?

Kwa amene sadzacoka pa makina, funso limeneli limafika ndithu. Robin Cavendish, Mngelezi amene anali pa nchito ya malonda a tiyi ku Kenya, anadwala poliyo mu 1958 ali ndi zaka 28, nauma thupi kuyambira m'khosi. Madokotala anati atsala ndi miyezi yowerengeka. Atabwerera ku England anakana kuthera moyo wake m'wodi, ndipo mkazi wake Diana anamutengera kunyumba pamodzi ndi makina ake, madokotala asakufuna. Mu 1962 iye ndi bwenzi lake Teddy Hall wa ku Oxford anapanga njinga ya olemala yokhala ndi makina opumira a batire. Anayenda nayo maulendo, nalimbikitsa odwala ena kutuluka m'zipatala, ndipo anamwalira mu 1994 ali ndi zaka 64. Winanso ndi Paul Alexander wa ku Dallas, amene anadwala poliyo mu 1952 ali ndi zaka 6, nadalira cimgolo cacitsulo zaka zoposa 70. Anaphunzira kumeza mpweya ndi minofu ya pakhosi kuti azituluka m'cimgolomo maola angapo, anaphunzira zamalamulo nakhala loya, ndipo anamwalira mu March 2024.

Nkhani ziwirizi zimaonetsa kuti moyo wa pa makina ungakhale moyo weni-weni. Koma tisabise mtengo wake. Ku Denmark boma limalipira gulu la othandiza amene amasinthana m'nyumba ya wodwala usana ndi usiku. Kumene kulibe thandizo lotere, katundu yense amagwera banja, makamaka mai kapena mkazi wa wodwala, amene amasiya nchito ndi munda ndipo sagonanso tulo tathunthu. Mutu umodzi susenza denga: pafunika anthu osacepera awiri kapena atatu ophunzitsidwa kuyamwa makhololo, kusintha kapaipi kakazuka, ndi kuzindikira zizindikiro za cibayo. Pafunikanso makina oyamwa, timapaipi tatsopano mwezi ndi mwezi, ndi galimoto yopezeka pakati pa usiku.

Ndipo pafunika magetsi osazima. Pano ndi pamene nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife a m'Zambia. Mu February 2024 boma linalengeza cilala kukhala tsoka la dziko lonse, madzi anacepa ku Kariba, ndipo m'miyezi yotsatira nyumba zambiri zinali kukhala maola 17 kapena kuposa pa tsiku popanda magetsi. Batire la mkati mwa makina opumira limasunga maola owerengeka cabe. Banja lopanda magetsi a dzuwa, mabatire akulu kapena jenereta silingasunge wodwala wotere ngakhale tsiku limodzi m'nyengo yotero. Cotsatira cake ncakuti wodwala amatsala m'cipinda ca odwala mwakayakaya miyezi, pa bedi imene wovulala pa ngozi ya mawa adzaifunanso. Madokotala amene amasankha pakati pa anthu awiri otere amanyamula mtolo umene ambiri a ife sitingaufune. M'maiko ena anatsegula mawodi apadera a odwala okhalitsa pa makina, amene safuna zipangizo zonse za cipinda cija koma ali ndi anamwino odziwa za kapaipi ndi za kuletsa makina. Ndi nzeru yoyenera kuiganizira m'zipatala zathu zazikulu.

Palinso nkhani imene mabanja amaopa kuiyamba, ya cimene wodwala mwini akufuna. Ngati ali ndi nzeru zake, afunsidwe iye, ngakhale ayankhe ndi maso. Acibale ali ndi ufulu wofunsa dokotala mosabisa kuti ciyembekezo ncotani, ndi kupempha kuti awafotokozere m'cinenero cimene akumva.

Kaya ndi kucipatala kaya ndi kunyumba, pambali pa makina alionse payenera kupacikidwa thumba lopumira la manja. Limene likugwiritsidwa nchito masiku ano, lodzifufumitsa lokha likafinyidwa, linapangidwa mu 1956 ndi Dr. Henning Ruben ndi Holger Hesse ku Denmark komweko, ndipo acipatala amalicha Ambu. Silifuna magetsi kapena batire. Makina akazima kapena akasokonezeka, woyang'anira amacotsa paipi ya makina pa kapaipi ka pakhosi, kulumikiza thumbalo, ndi kulifinya mofatsa kamodzi pa masekondi 5 kapena 6 kwa munthu wamkulu, maso ali pacifuwa kuona ngati cikukwera. Manja amatopa msanga, motero waciwiri akhale pafupi kuti alandire pamene wacitatu akuitana thandizo.